Dzino lakumapeto lakana kutuluka: kodi ambiri zimawachitikira?

Achemwali, mwafunsa ngati dzino lanu lakumapeto kwenikweni, lomwe latulukira theka n'kumakupwetekani, ndi vuto lachilendo, komanso ngati muyenera kuzulitsa onse anayi. Si lachilendo ayi. Mano amenewa amamera mochedwa, pakati pa zaka 17 ndi 25, pomwe ena 28 adakhazikika kale, ndiye malo amawachepera. Kafukufuku wa 2016 wophatikiza zotsatira za m'maiko ambiri adapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa anayi ali ndi dzino lotere. Limavuta kwambiri ndi lam'munsi, ndipo nthawi zambiri limapendekera kutsogolo n'kugunda linzake.

Kawirikawiri chopweteka si dzinolo koma kanyama ka nkhama kamene kamaliphimba pamwamba. Pansi pake pamalowa nsima ndi tinyama, mswachi sufikapo, kenako pamatupa, kununkha, mwina kutuluka mafinya. Choopsa china chimachitika mwakachetechete: dzino loyandikana nalo limabooka pamalo pomwe awiriwa agundana, ndipo munthu amadzataya dzino labwinobwino.

Padakali pano, sungunulani theka la supuni yaing'ono ya mchere m'kapu ya madzi ofunda, muzichukucha katatu kapena kanayi pa tsiku. Panado amachepetsa ululu. Chonde musaike Aspirin pa nkhama, amawotcha. Musagulenso Flagyl kapena amoxicillin mwa inu nokha. Kutupa kumaphwa koma kumabwereranso chifukwa gwero lake likadalipo. Pitani kwa dokotala wa mano akakujambuleni X-ray, aone mmene dzinolo lagonera ndi kutalikirana kwa mizu yake ndi mtsempha wa m'nsagwada. Mtsemphawu ukakhudzidwa pozula, mlomo wam'munsi umachita dzanzi, ambiri kwa milungu kapena miyezi yochepa.

Kuzula onse anayi si lamulo. Dzino lomwe silikutupa, silinaole ndiponso silikuwononga linzake amangoliyang'anira. Lomwe latupa kawiri katatu, lichoke.

Akakuzulani, lumani thonje kwa mphindi 30. Tsiku loyamba musachukuche, musamalavulelavule, fodya musasute, kuti magazi oundana pabalapo asachoke. Akachoka, fupa limakhala pamtunda ndipo ululu woopsa umayamba pakatha masiku awiri kapena atatu.

Koma tsaya likatupa mpaka kukhosi, pakamwa pakakana kutseguka, thupi likatentha kapena malovu akamavuta kumeza, musadikire kuti kuche. Thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo, chifukwa kutupa kotero kumatha kutseka njira ya mpweya.