Okhala m'nyumba zothandizidwa ndi boma ku America ndi ndalama zimene amapeza

FUNSO: Mchemwali wanga akukhala ku America ndi ana ake awiri m'nyumba imene boma limamuthandiza kulipira lendi. Anandiuza kuti lipoti la county yawo, kutanthauza dera limene akukhala, linaonetsa kuti mabanja a m'nyumba zoterezi amapeza ndalama zochepa kwambiri, ndipo anthu ena akuwanena kuti ndi alesi. Iyenso akuopa kuwonjezera maola a ntchito chifukwa lendi ikwera. Kodi zimenezi zimayenda bwanji?

YANKHO: Kuchepa kwa ndalama kumene lipotilo laonetsa si umboni wa ulesi, chifukwa lamulo lenilenilo ndi limene limasankha anthu osaukitsitsa kuti ayambe ndi iwo kulandira thandizoli. Chaka chilichonse unduna woona za nyumba, umene umadziwika ndi dzina lakuti HUD, umawerengetsera ndalama zimene banja lapakatikati limapeza mu county iliyonse kapena mu mzinda waukulu pamodzi ndi madera ozungulira. Banja lopeza zosaposa 80 peresenti ya ndalama zimenezo limawerengedwa kuti ndi lopeza zochepa, losaposa 50 peresenti ndi lopeza zochepa kwambiri, pamene losaposa 30 peresenti ndi losaukitsitsa. Lamulo la mu 1998 limanena kuti mwa mabanja 100 alionse olandira kumene chikalata cha lendi cha Section 8, chimene boma limalipirira nacho mbali ya lendi m'nyumba za anthu wamba, mabanja osachepera 75 achokere m'gulu lotsirizali, ndipo m'nyumba zimene boma linamanga lokha akhale osachepera 40. Ngati pakhomo pakulowa osauka, sitingadabwe kupeza osauka m'katimo.

Malire amenewa amasiyana kwambiri malingana ndi dera. Mu 2018 banja la anthu 4 ku San Francisco lopeza madola 117,400 pachaka linkawerengedwabe kuti ndi lopeza zochepa, pamene kumidzi ya ku Mississippi banja lotere likanaoneka lopeza bwino. N'chifukwa chake si chilungamo kuyerekeza lipoti la county imodzi ndi la ina popanda kuona kaye mitengo ya nyumba kumeneko.

Onena za ulesiwo amaiwalanso kuti ambiri mwa eni mabanjawa ndi okalamba ndiponso anthu olumala, amene amadalira ndalama za penshoni kapena thandizo la boma. Ngakhale amene amagwira ntchito sapeza zambiri. Malipiro otsikitsitsa amene boma lalikulu limalola akhala madola 7.25 pa ola kuyambira mu 2009, ndipo munthu wogwira maola 40 pamlungu chaka chonse pa malipiro amenewa amapeza madola 15,080 okha, ngakhale kuti zigawo zambiri zinakhazikitsa malipiro okwererapo. Chimene ine chimandikhudza kwambiri n'chakuti mwa mabanja 4 oyenera kuthandizidwa ndi limodzi lokha limene limathandizidwadi, ndipo enawo amadikira pamndandanda, nthawi zina kwa zaka zambiri.

Mantha a mchemwali wanu ali ndi maziko, koma asamulepheretse kugwira ntchito. Kuyambira mu 1981 wokhala m'nyumba yotere amalipira pafupifupi 30 peresenti ya ndalama zake, atachotserapo kangachepe chifukwa cha ana ndi ndalama zolipirira owalera iye akakhala kuntchito. Tiyerekeze kuti ndalama zake zowerengeredwa ndi madola 1,000 pamwezi, ndiye kuti iye amapereka madola 300 ndipo boma limalipira zotsalazo. Akawonjezera maola n'kupeza madola ena 200, lendi ikwera ndi madola 60, ndipo 140 atsala m'manja mwake asanachotse msonkho. Ayenera kuwerengetsera bwino thandizo lina limene amalandira, monga la chakudya, chifukwa nalonso limatsika malipiro akakwera.

Mumuuze kuti asabise ndalama iliyonse imene wayamba kupeza, popeza ofesi ya nyumba imaunika zopeza za banja nthawi ndi nthawi, ndipo wobisa angathe kulamulidwa kubweza ndalama kapena kuchotsedwa pa thandizo. Afunsenso ku ofesiko ngati ali ndi ndondomeko ya Family Self-Sufficiency, imene inayamba mu 1990. Wolowa m'ndondomekoyi malipiro ake akakwera, ndalama zolingana ndi zimene lendi yakwera zimasungidwa mu akaunti yapadera, ndipo amadzazilandira akakwaniritsa pangano lake, limene kawirikawiri limakhala la zaka 5.