Chisoti cha rezini: timachiumba, timachisema kapena timachiyenga?

Wowerenga wina amakonda kupanga zisoti za rezini (pulasitiki yamadzimadzi imene imalimba ikasakanizidwa) zongovala pa zionetsero, zotsanzira za asilikali akale ndi za m'mafilimu. Akufuna kulembera anzake malangizo a ntchitoyi m'Chichewa, ndipo watumiza mafunso angapo. Ndawafupikitsa.

Funso: Ndimayamba ndi kumata dongo pa chidole cha mutu wa munthu mpaka chisoti chioneke. Kodi pamenepa ndikusema kapena ndikuumba?

Mukuumba. Wosema amayamba ndi chinthu cholimba kale, mtengo kapena mwala, n'kumachotsako pang'onopang'ono, ndipo chimene wachotsa sichibwereranso. N'chifukwa chake nkhwangwa yaing'ono yosemera timaitcha kasemasema. Woumba amagwira chinthu chofewa: amamata, amakanikiza, akalakwitsa amaonjezerapo. Dongo limene anthu a luso lanu amakonda ndi lija losakaniza ndi mafuta ndi phula, limene siliuma ngakhale likhale pa mtetete miyezi. Malinga ngati likumvera chala, mneni wake ndi kuumba.

Koma musamangirire ntchito yonse pa mneni mmodzi. Mukatenga kachitsulo kopinda n'kumachotsa dongo lochuluka pa tsaya la chisoti, mukupala. Mukamakumba malo a maso, mukugoba. Timizere ndi timaluwa ta pamphumi mumatizokota, ndipo pomaliza mumasalaza. Malangizo amene akunena kuti “gobani malo a maso, kenako muzokote mzere wa pamwamba pake” amaphunzitsa dzanja la wowerenga, pamene “pangani maso” samuuza kanthu.

Funso: Pa dongolo ndimapakapo silikoni (mtundu wa mphira wofewa), pamwamba pa silikoniyo n'kuikanso pulasitala (ufa woyera umene umalimba ukasakanizidwa ndi madzi). Zonsezi ndizitche chikombole?

Inde, chikombole ndi dzina loyenera, lomwe lija la oumba njerwa, ndipo zikachuluka ndi zikombole. Popeza chanu chili ndi mbali ziwiri zogwira ntchito zosiyana, zisiyanitseni. Silikoni ndiyo imatenga maonekedwe onse a dongo, ngakhale chidindo cha chala chimene munaiwala kusalaza, choncho itcheni chikombole chofewa. Pulasitala kapena faibagalasi (ulusi wa galasi womatidwa ndi rezini) yakunja ntchito yake ndi kugwiriziza silikoni kuti isapindike, ndipo imeneyo ndi chigoba. Pamene zidutswa ziwiri za chigoba zimakumana ndi pa msoko. Mawu amenewa munthu aliyense awamva popanda kumumasulira. M'malangizo anuwo muchenjezenso anzanu kuti dongo lokhala ndi sulufule limalepheretsa silikoni ya mtundu wa pulatinamu kulimba, moti mbali yokhudza dongolo imatsala yonanda.

Funso: Mnzanga akuti kuthira rezini m'chikombole ndi kuyenga. Akulondola?

Ndikumvetsa kumene wautenga mneniwu. Buku Lopatulika, limene linatuluka lathunthu mu 1922, limasiyanitsa fano losema ndi fano loyenga, ndipo loyengalo ndi lachitsulo chosungunula pamoto. Kusiyanitsa kumeneku n'kokongola, ndipo ndikadakonda kuti tisakutaye. Koma kuyenga kumafuna moto. Tikamati kuyenga chitsulo kapena kuyenga mafuta, pali chinthu chimene chatenthedwa mpaka kusungunuka. Rezini simuisungunula. Imabwera kale yamadzimadzi m'mabotolo awiri, A ndi B, inu n'kungoyeza ndi kusakaniza. Choncho nenani kuti mukuthira rezini m'chikombole, kapena mukuitsanulira ngati mukufuna kuonetsa kuti ikutsika pang'onopang'ono. Kukhuthula kusiyeni, chifukwa ndiko kuthira zonse kamodzi, komwenso kumatsekera thovu la mpweya m'makona.

Chisoti chimafunika chibowo cholowa mutu, ndiye simudzaza chikombole. Mumathira pang'ono, n'kumachipendeketsa uku ndi uku, kuchitembenuzatembenuza kuti rezini iyende m'mbali monse, kenako mumabwereza kangapo mpaka khoma likhuthale. Kubwereza tsinde la mneni kotereku, kutembenuzatembenuza, ndiyo njira ya Chichewa yonenera ntchito yosalekeza, ndipo pano ikukwanira bwino kuposa kungoti tembenuzani, kumene wina angamve ngati kugadabuza kamodzi basi.

Kusula nakonso si kwanu. Osula anali aja ankapanga zisoti zenizeni, monga za Agiriki za mtundu wa ku Korinto, pomenya mkuwa ndi nyundo.

Funso: Ndalemba kuti “dikirani rezini iume”. Pali vuto?

Lilipo, ndipo pa mafunso anu onse ili ndilo ndikufuna mulisamale. Chinthu chimauma madzi kapena zamadzimadzi zina zikachokamo. Chovala chimauma, dongo lamadzi limauma, penti imauma. Mu rezini ya magawo awiri simuchoka kanthu. A ndi B akakumana amasinthana n'kukhala chinthu chatsopano cholimba, ndipo pochita zimenezi amatulutsa kutentha. Gwirani kapu imene mwasakaniziramo mumva ikufunda, ndipo mitundu yambiri imasintha pamaso panu, kuchoka pooneka ngati madzi n'kuyera. Kumeneko ndi kulimba.

Wina anganene kuti ndikungolimbana ndi mawu, poti ambiri polankhula amati “yauma” ndipo timamvana. Pocheza n'zoona. Koma malangizo amawerengedwa ndi munthu amene sanaionepo ntchitoyi, ndipo amachita zimene mneni wamuuza. Mukamuuza kuti iume, akaona chisoti chikunanda adzachiyanika, adzachipemerera mphepo, adzadikira mawa. Chonsecho ngati sanayeze bwino A ndi B, kapena sanatakase mokwanira, rezini imeneyo siidzalimba ngakhale aiyanike chaka chathunthu. Mukamuuza kuti ilimbe, adzafunsa chimene chailepheretsa kulimba, ndipo funso limenelo limufikitsa pa muyezo. Mneni wolakwika amamutumiza kukafuna dzuwa pamene vuto lili m'kapu.

Pulasitala imafuna aneni onse awiri, motsatana. Imalimba kaye m'mphindi zochepa, nayonso ikufunda, koma imakhala idakali ndi chinyezi, ndipo kuuma kwake kumatenga nthawi yaitali. Ndiye chiganizo chakuti “chigoba chalimba koma sichinaume” n'cholondola, ndiponso n'chofunika, chifukwa rezini ya poliyurethani ikakhudzana ndi chinyezi imachita thovu. Pa nthawi ija rezini yayamba kukhuthala m'kapu koma isanalimbe, mungathe kunena kuti yayamba kugwira. Ndime yanu ndingailembe motere: “Yezani A ndi B monga botolo likunenera, mutakase mpaka zisakanikirane bwino, mutsanulire m'chikombole isanayambe kugwira. Ikalimba, thiraninso ina.”

Samalani polemba, chifukwa kuuma ndi kuumba zangosiyana chilembo chimodzi. Ena amalemba kuwuma ndi kuwumba. Zonse zimaoneka m'mabuku, ine ndimalemba zopanda w, koma chachikulu n'chakuti musankhe njira imodzi n'kuitsata kuyambira pamwamba mpaka pansi.

Funso: Nanga chinthucho ndi chisoti kapena chipewa? Ndipo popeza si chenicheni, ndichitche chabodza?

Ndi chisoti. Chipewa n'chofewa, chotchinga dzuwa kapena chongotchenera. Chisoti n'cholimba, ndipo owerenga amalidziwa kale dzinali pa nkhani za nkhondo: pa Aefeso 6:17 pali chisoti cha chipulumutso, ndipo Goliati pa 1 Samueli 17 anavala chamkuwa.

Chabodza ayi. Bodza limafuna munthu wonamizidwa, ndipo inu simukunamiza aliyense. Chisoti chanu chingakhale chabodza pokhapokha mutachigulitsa ngati chakale chenicheni. Nenani chisoti chotsanzira, popeza mwatsanzira maonekedwe a china. Mukachikhula ndi sandipepa n'kuchipaka penti yonyezimira, musalembe kuti chachitsulo, lembani kuti chooneka ngati chachitsulo. Ndipo penapake m'malangizo anu muike mawu akuti chongovala. Owerenga ambiri akamva chisoti amaganiza cha panjinga yamoto kapena cha ogwira ntchito yomanga, chimene chimateteza mutu, pamene khoma lopyapyala la rezini likhoza kusweka munthu akagwa nalo.