Mwana wanu akunena zoona, mpweya suoneka. Koma ulipo, ndipo umalemera

Mayi wina wa ku Kasungu wanditumizira imelo yokhudza mwana wake wa Sitandade 5. Akuti kusukulu aphunzira kuti zinthu zili m'magulu atatu, zolimba, zamadzimadzi ndi mpweya, ndipo mwanayo waloweza bwinobwino. Koma kunyumba akumatsutsa. Akuti mwala ndi madzi akuvomera chifukwa amazigwira, koma mpweya "si chinthu, ndi malo opanda kanthu". Funso la mayiwa ndi lakuti angamuthandize bwanji, poti iwo sayansi anaisiya kalekale ndipo pakhomo palibe zipangizo.

Mayi, poyamba musamukalipire mwanayo. Ine mwana wotsutsa ndimamukonda kuposa woloweza, chifukwa wotsutsa ndiye akuganiza. Ndipo zipangizo muli nazo kale kukhitchini.

Zimene aphunzitsi akufuna kuti mwana agwire ndi ziwiri basi. Chinthu chilichonse chimatenga malo, ndipo chimalemera. Ndiye tengani tambula, mufinyire kapepala pansi pake kuti kasagwe, muizondotse n'kuimiza mu ndowa ya madzi mosapendeketsa. Poitulutsa, mwanayo akhudze yekha pepalalo. Likhala louma. Mufunseni kuti chaletsa madzi kulowa n'chiyani ngati mutambulamo munalibe kanthu. Musamuyankhire. Kenako abwereze yekha, koma ulendo uno apendeketse tambulayo ili m'madzi. Aona thovu likubwibwita kupita pamwamba, madzi n'kulowa pamalo pamene mpweya wachoka. Zinthu ziwiri sizingakhale malo amodzi nthawi imodzi, china chimayenera kupatuka.

Za kulemera ndiye zovutirapo, chifukwa mpweya ndi wopepuka kwambiri moti sikelo ya kumsika singauone. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, pamene lita imodzi ya mpweya imangopitirira pang'ono galamu imodzi. Mabuku ambiri amalangiza zomangirira mabaluni awiri pa kamtengo n'kuphulitsa imodzi. Ine sindikulimbikitsani, kamphepo kakangowomba zonse zimasokonekera ndipo mwana amangotsimikiza kuti akulu akumunamiza. Bola kuwerengera naye limodzi. Chipinda chophunziriramo cha mamita 8 m'litali, 7 m'lifupi ndi 3 kupita m'mwamba chimakhala ndi mpweya wolemera kuposa matumba atatu a chimanga a makilogalamu 50. Ana ambiri akamva zimenezi amayang'ana kudenga.

Akavomereza kuti mpweya ulipo, magulu atatu aja asiya kukhala nyimbo yongoloweza. Chilichonse chinapangidwa ndi tizidutswa tating'onoting'ono tosaoneka ndi maso, ndipo chosiyanitsa magulu aja ndi mmene tizidutswato takhalira. Mwana wasukulu amamva msanga mukamuuza chonchi: m'chinthu cholimba tizidutswato tili ngati ana ali m'kalasi, aliyense pamalo pake, kumangogwedezeka. M'chamadzimadzi tili ngati pa buleki, kuyendayenda koma mothithikana. Mu mpweya ndi ngati belu loweruka lalira, aliyense njira yake. N'chifukwa chake njerwa imakhala njerwa kulikonse mungaiike, mafuta ophikira amatengera botolo limene mwawathiramo, ndipo fungo la usipa wokazinga limafika kwa aneba.

Mwana wochenjera ngati wanuyu adzakufunsani za ufa. Si umathiridwa ngati madzi? Muuzeni atape pang'ono aike pa tebulo. Ufa umaunjikana kamulu, madzi sangapange mulu. Kambewu kalikonse ka ufa, mchenga kapena shuga n'kolimba pakokha, kungoti n'tambiri.

Madzi ndiwo mphunzitsi wabwino koposa chifukwa amaoneka m'magulu onse atatu pakhomo pomwepo. Ngati muli ndi filiji, thirani madzi m'botolo lapulasitiki koma osalidzaza, mulembe mzere pamene madzi alekezera, muliike kozizira kwambiri usiku wonse. M'mawa madzi oundanawo apitirira mzere uja. Madzi akaundana amafufuma ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi, n'chifukwa chake botolo lagalasi limasweka mufiliji ndipo ayezi amayandama. Zimenezi n'zachilendo, zinthu zambiri zikaundana zimafota. Opanda filiji adikire matalala, ndi ayezi yemweyo.

Pa nthunzi pali kamsampha kamene kamakola ngakhale akuluakulu. Choyera chimene timachiona pamwamba pa ketulo si mpweya wa madzi ayi, ndi timadontho tamadzi tomwe tazizira kale. Mpweya weniweniwo suoneka. Yang'anitsitsani pakamwa penipeni pa ketulo yowira, pali kampata kooneka ngati kopanda kanthu, utsi woyerawo umayambira patsogolo pang'ono. Mwana ayang'anire patali, nthunzi imawotcha kuposa madzi owira. Mukatero vundukulani poto wa ndiwo aone madontho pansi pa chivundikiro. Madzi anakwera ngati mpweya, agunda pozizira, abwerera. Botolo la Fanta lozizira likamachita thukuta sikuti ladontha. Madziwo achokera mu mpweya wa m'nyumba momwemo.

Apa ndi pamene pali phunziro limene ine ndimaliona lalikulu kuposa magulu atatu aja, ngakhale pamayeso salifunsa kawirikawiri. Chinthu sichingosowa. Zovala zikauma pa chingwe, madzi sanathe, apita mu mpweya. Shuga akalowerera mu tiyi, sanathe, lawani mumve. Mukathira magalamu 100 a shuga mu lita ya madzi, zonse pamodzi zilemera magalamu 1,100. Sungunulani mchere wambiri m'madzi pang'ono, muthire pa mbale n'kuika padzuwa la mu Okutobala. Madzi achoka, mchere utsala woyera mbuu. Anthu a ku Chikwawa opanga mchere wa m'dothi amachita zomwezi: amatsukuluza dothi lamchere, kusefa, n'kuphitsa madziwo mpaka mchere utatsala.

Nanga makala? Mumadzaza mbaula, pakutha pa kuphika patsala kaphulusa kodzaza chikhatho. Kusintha uku n'kosiyana ndi kwa ayezi. Ayezi akasungunuka mutha kuumitsanso, phula la kandulo likazizira limalimbanso, koma phulusa silingabwerere kukhala makala, monganso nsima singabwerere kukhala ufa. Komabe makalawo sanasowe. Aphatikana ndi okosijeni wa mu mpweya n'kusanduka mpweya wina wosaoneka, carbon dioxide. Amene anatsimikizira zimenezi ndi Antoine Lavoisier wa ku France, m'zaka za m'ma 1770 ndi 1780. Iye ankatenthetsa zinthu m'mabotolo otsekeka bwino, n'kumayeza kulemera asanayambe ndi atamaliza. Kulemera kunkakhala chimodzimodzi. Msomali ukachita dzimbiri nkhani ndi yomweyo koma motembenuza: chitsulo chatenga okosijeni, ndipo mukanatolera dzimbiri lonse osataya, mukanapeza kuti kulemera kwawonjezeka.

Ndipo nkhani ya makalayi musaidumphe, chifukwa ndi yopulumutsa moyo. Makala akamayaka m'chipinda chotseka momwe mpweya sukukwanira, amatulutsa carbon monoxide, mpweya wopanda mtundu, wopanda fungo, koma wakupha. M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi anthu amalowetsa mbaula kuchipinda, kutseka mawindo n'kugona, ena osadzukanso. Mwana amene wakhulupirira kuti chosaoneka chingakhalepo amvetsa msanga chifukwa chake mbaula imagona panja.

Za makhalidwe a zinthu, monga kulimba, kupindika, kuyandama ndi kutenga moto, sindichulukitsa, mafunso a tsiku ndi tsiku akukwanirani. Bwanji mthiko ndi wamtengo koma poto ndi wachitsulo? Aike supuni ndi mthiko m'madzi otentha, akhudze zogwirira zake pakapita kanthawi. Bwanji amisiri oumba mapoto amasungunula aluminiyamu osati chitsulo cha khasu? Aluminiyamu amasungunuka pa madigiri 660, moto wa makala wopemereredwa bwino umafikapo, pamene chitsulo chimafuna kupitirira 1,500.

Pamayeso alembe kuti madzi amaundana pa 0 ndipo amawira pa madigiri 100, ndi zimene akufuna. Koma adziwe kuti 100 ameneyo ndi wa m'mphepete mwa nyanja yamchere, monga ku Beira. Mukakwera kumtunda mpweya umapepuka, sukanikiza madzi kwambiri, choncho amawira msanga. Ku Kasungu ndi ku Lilongwe, komwe ndi kokwera mamita opitirira 1,000 kuposa nyanja yamchere, amawira cha pa 96 kapena 97. Pa nsonga ya Sapitwa ku Mulanje, mamita 3,002, ndi cha pa 90, ndipo nyemba zimachedwa kupsa. Tsiku lina aphunzitsi akadzabweretsa choyezera kutentha m'kalasi n'kulekezera pa 96, asadzanene kuti chawonongeka.