Kwa mayi amene mukufuna kuyambiranso ntchito kapena geni muno mu Joni

Achemwali amene mwalemba mosatchula dzina, funso lanu lamveka. Mwakhala pakhomo zaka zisanu mukulera ana, wamkulu wayamba sukulu, wamng'ono ali ndi zaka zitatu, malipiro a bambo akuthera ku lendi ndi chakudya, ndipo mwasunga R1,500. Mukufunsa ngati musake ntchito kapena muyambe kageni. Ambiri akuuzani kale kuti mandasi, ena akuti kaunjika. Si malangizo oipa, koma musalole kuti akusankhireni geni anthu amene sadziwa mmene tsiku lanu limayendera. Muyambe mwawerenga maola amene manja anu amakhala omasuka, muone zimene mapepala anu amalola, kenako mutchule mayina a anthu enieni amene angakugulireni sabata yamawa. Geni yoyenera inu ituluka pamenepo.

Za mapepala ambiri timazizemba, koma ndiye poyambira. Chidindo cha masiku 30 chomwe amatipatsa polowa ndi chongochezera, sichilola ntchito kapena malonda, ndipo Amalawi tilibe pemiti yapadera ngati ya anzathu a ku Zimbabwe ndi ku Lesotho. Ngati munabwera pa viza yoperekeza amuna anu, chilolezo cha ntchito ndi chawo, osati chanu. Ngati iwo ndi nzika ya dziko lino kapena ali ndi permanent residence (chilolezo chokhala kuno mpaka kalekale), gawo 11(6) la Immigration Act limakulolani kupempha viza yokhala ndi chilolezo cha ntchito, sukulu kapena bizinesi, ndipo pempholo limadzera ku VFS, kampani yolandira mapempho a maviza m'malo mwa boma. Viza ya bizinesi imafuna R5 miliyoni, choncho si njira ya geni yaing'ono. Chonde musagule pemiti kwa munthu wa pa WhatsApp. Pepala labodza ndi mlandu wina pamwamba pa kusowa mapepala, ndipo mayi akatengedwa kupita ku Lindela, kosungira alendo oyembekezera kubwezedwa kwawo, amene amavutika ndi ana. Pitani mukafunse ku Lawyers for Human Rights ku Braamfontein, akuuzani zoona za pamene mwaima.

Tsopano masamu a ntchito. Kuyambira pa 1 Malichi 2025 malipiro otsikitsitsa anali R28.79 pa ola, ndipo a ntchito zapakhomo ali momwemo. Boma limakweza mtengowu chaka ndi chaka mu Malichi, ndiye muzifunsa watsopano musanagwirizane ndi bwana. Pa mtengo umenewu tsiku la maola 8 ndi R230, ndipo masiku atatu pa sabata amakupatsani pafupifupi R3,000 pamwezi. Musayambe mwasangalala ndi nambala imeneyi musanachotse. Tiyerekeze kuti takisi kupita ndi kubwera ndi R50 patsiku: masiku 13 ndi R650. Tiyerekezenso kuti kosiya mwana mukulipira R800. Mwatsala ndi R1,550, mwadzuka 4 koloko, ndipo tsiku limene mwana wadwala simulandira kanthu ngati ali maganyu a tsiku ndi tsiku. Ikani mitengo yeniyeni ya kwanuko muone chotsala. Ntchito yomwe mungapite pa takisi imodzi kapena wapansi imaposa ya malipiro okwerako yomwe ikufuna matakisi awiri kudzera ku siteji ya matakisi ya Bree kapena ya Noord. Ntchito yogonera konko muiiwale kaye mpaka mwana akule.

Zaka zisanu zimene mwakhala pakhomo musachite nazo manyazi, ndipo musapeke ntchito yomwe simunagwire. Pa CV lembani zakazo ndi mawu akuti munali kulera ana, basi. Chimene adona amafuna kwenikweni ndi nambala ya munthu amene angamuimbire n'kunena kuti amakudziwani. Njira yachidule yopezera umboni umenewu ndi Disembala. Amayi ambiri amapita kumudzi mwezi umenewo, ndipo mabwana awo amasowa wogwirizira. Uzani amayi a ku tchalitchi kapena ku mzikiti kuyambira Okutobala kuti ndinu okonzeka kugwirizira milungu itatu kapena inayi. Mukamaliza pemphani kalata yaifupi yokhala ndi masiku amene munagwira ndi nambala ya foni. Mukamugwirira mnzanu, mubwezereni ntchito yake akabwerako. Mbiri yolanda malo imayenda msanga pakati pathu ndipo palibe adzakuitaneninso. Ngati mukufuna ya kulera ana, satifiketi ya first aid ya ku St John kapena Red Cross imakuikani patsogolo. MSCE kapena dipuloma ya kumudzi imafunika kuunikidwa ndi SAQA, bungwe lounika masatifiketi, pa ntchito za mu ofesi, koma pa ntchito zapakhomo musawonongerepo ndalama.

Wina akakuuzani kuti mulipire kaye ndalama yolembetsera kuti akupezereni ntchito, chokanipo. Lamulo la Employment Services Act la 2014 limaletsa ma ejenti kulipiritsa munthu wofuna ntchito. Wolipira ndi bwana. Pasipoti yanu musasiyire munthu aliyense, perekani fotokope. Akakuitanirani ku nyumba yomwe simuidziwa, pitani ndi munthu, kapena tumizani adiresi kwa amuna anu musananyamuke. Mukayamba, lembani m'kabuku tsiku lililonse limene mwagwira ndi ndalama imene mwalandira. Akakubwezani mutagwira maola awiri okha, lamulo likuti akulipireni a maola anayi. Wogwira maola opitirira 24 pamwezi amayenera kulembetsedwa ku UIF, thumba lothandiza munthu ntchito ikamuthera, bwana akusonkha 1 peresenti ya malipiro anu, inunso 1 peresenti. Akakuchotsani mopanda chilungamo muli ndi masiku 30 okadandaula ku CCMA, bungwe lothetsa mikangano ya pantchito, kwaulere, ndipo khoti la zantchito linagamula mu 2008 kuti mlendo amene pemiti yake si yokwanira amatetezedwabe ngati wantchito.

Kunena mosabisa, kwa mayi wa mwana wa zaka zitatu ine ndikuona kuti choyamba kuganizira ndi kusamala ana a anzanu pakhomo panu. Mpamba wake ndi wochepa, takisi palibe, ndipo mwana wanu ali pamaso panu. Amayi ogwira m'masabebu amachoka mdima ndi kubwera mdima, pamene malo ambiri osungira ana amatsegula mochedwa ndi kutseka msanga. Mpata wanu uli pamenepo. Lamulo la Children's Act likuti mukapitirira ana asanu ndi mmodzi muyenera kulembetsa, ndipo kuyambira mu Epulo 2022 nkhanizi zili m'manja mwa dipatimenti ya maphunziro. Koma m'chipinda chimodzi musafike n'komwe pamenepo. Yambani ndi awiri kapena atatu. Gwirizanani kaye ndi alandilodi, chifukwa phokoso ndi madzi ndi zimene zimayambitsa mkangano. Malipiro azibwera kumayambiriro a mwezi, osati kumapeto. Lembani pa WhatsApp nthawi yosiya ndi yotenga mwana, ndalama yowonjezera akachedwa, ndi amene akubweretsa chakudya ndi matewera. Jambulani tsamba la katemera la buku lakuchipatala la mwana aliyense, mukhale ndi manambala awiri a foni, ndipo mwana wa mwini musampatse mankhwala makolo asanavomereze. Ngozi zake zimadziwika: ndowa ya madzi yosavundikira imamiza mwana wokwawa, palafini wa m'botolo la zakumwa ana amamwa, ndipo mbaula ya makala m'nyumba yotseka mu Juni imapha mwakachetechete. Mukaona kuti simungathe kuchotsa zitatuzi pamalo panu, geni iyi isiyeni.

Za zakudya. Aliyense wokonza chakudya chogulitsa amayenera kukhala ndi Certificate of Acceptability yochokera kwa azaumoyo a khonsolo, malinga ndi malamulo a R638 a 2018. Kale ambiri sankalabadira, koma zinthu zinasintha ana asanu ndi mmodzi atamwalira ku Naledi, ku Soweto, mu Okutobala 2024 ndi poizoni wotchedwa terbufos. Mwezi wotsatira Pulezidenti Ramaphosa analamula kuti masipaza ndi onse ogulitsa zakudya alembetse. Kuyambira pamenepo kugulitsa pageti pa sukulu kumayang'aniridwa kwambiri, ndipo tebulo la pamsewu lopanda pemiti a JMPD, apolisi a mzinda, amalanda ndi katundu yense. Mankhwala a makoswe ogula pamsewu aja asapezeke m'nyumba momwe mukusunga ufa.

N'chifukwa chake ndikuti gulitsani mwa oda. Mandasi wamba mupikisana ndi magwinya, mandasi a kuno, omwe ali pa kona iliyonse, pamene zitumbuwa, chigumu, thobwa ndi nsinjiro Mmalawi sangazipeze ku Shoprite. Lembani pa status Lachitatu, tsekani maoda Lachisanu masana, perekani Loweruka kapena Lamlungu potuluka m'mapemphero. Mwatero mwakonza zokhazo zimene zagulidwa kale.

Ngati ndi mandasi ndithu, gulani kasikelo ka kukhitchini musanagule china chilichonse. Pa ufa wa tirigu 1 kg ikani paketi imodzi ya yisiti ya 10 g, shuga wapakati pa 100 g ndi 150 g, mchere masupuni a tiyi awiri osadzaza, ndi madzi ofunda pafupifupi 600 ml. Madzi akhale oti chala chipirire. Otentha amapha yisiti. Mukadula 60 g iliyonse mupeza mandasi pafupifupi 28 kapena 30. Mukamadula ndi maso, lero atuluka 30 mawa 23, ndipo phindu lathera m'menemo osadziwa. Mafuta akapsa kwambiri mandasi amada kunja mkati muli muwisi, akazizira amamwa mafuta n'kulemera. Ponyani kachidutswa kaye: kazikwera pamwamba m'masekondi ochepa kakuchita thovu, osada nthawi yomweyo. M'nyengo yozizira ya kuno mtanda umachedwa kufufuma, ndiye kandani usiku, vundikirani, mukazinge m'mawa. Powerengera mtengo yezani mafuta musanayambe ndi mukamaliza kuti mudziwe amene apita, muphatikize gasi kapena mayunitsi a magetsi, mapepala okulungira, ndi omwe ana adya. Mukagawa ndi chiwerengero cha mandasi ndiye mwadziwa mtengo wa limodzi. Ngati simungagulitse mowirikiza kawiri mtengo umenewo, mukungogwira ntchito yaulere.

Nsinjiro ndi yosavuta koma ili ndi msampha wake. Sankhani mtedza, tayani wonse wachuku ndi wofota, chifukwa chukucho chili ndi poizoni amene sachoka ndi kuphika. Mu blenda muziyatsa ndi kuzimitsa pang'onopang'ono, n'kumasefa. Mukasiya ikuzungulira, mtedza umatulutsa mafuta n'kusanduka chiponde. Thobwa limasasa msanga kukatentha ndipo mabotolo amafufuma, choncho musadzaze mpaka pakamwa, lisungeni mu fuliji, ndipo musaphike loposa maoda.

Masamba ndi tomato amapikulidwa ku Joburg Market ku City Deep m'mamawa, ndipo mumagula ndi khadi ya msikawo. Kwa munthu mmodzi wa R1,500 ulendowu sulipira, pokhapokha mutasonkhana atatu n'kugawana mabokosi ndi mtengo wa galimoto. Katundu wa kumudzi, monga usipa, mpunga wa Kilombero, Nali ndi Sobo, amayenda malonda ndithu, koma mpamba umagona panjira. Zakudya zopanda zilolezo zimatha kulandidwa pa Beitbridge, nsomba ikanyowa m'thumba imafika itachita chuku, ndipo transipota sabweza. Oda yoyamba ikhale yaing'ono, wogula apereke theka. Ngati mumadziwa kusoka, kupinda ndi kuchepetsa mayunifomu mu Januwale kumabweretsa ndalama msanga kuposa kusoka madiresi, ndipo ulusi ndi mazipi mupeza ku Oriental Plaza ku Fordsburg.

Chomwe chimagwetsa geni za amayi kuno nthawi zambiri si kusowa ogula, ndi ngongole. Amene amatenga n'kunena kuti pakutha pa mwezi ndi anthu akwathu omwe, amene timachita nawo manyazi kuwakumbutsa, ndipo wina amasamuka kuchoka ku Mayfair kupita ku Diepsloot n'kusintha nambala. Nenani kuyambira tsiku loyamba kuti mpamba ndi waung'ono, simukongoza. Mukamukongoza mmodzi, mawa onse amva. Kwa mashonisa musapiteko kukatenga mpamba: chiwongoladzanja cha katapila chimathamanga kuposa phindu la mandasi. Chilimba cha amayi asanu odziwana kwawo ndi komwe amagona chimathandiza, bola mulowe mutayamba kale kupeza, osati mukuyembekezera.

Pa R1,500 yanuyo musaike yonse. Gwiritsani R600 kapena R700 pa sikelo, zipangizo ndi katundu woyamba, yotsalayo ikhale yodzagulira ulendo wachiwiri ngati woyamba wapsa kapena wosagulika. Ndalama ya geni ikhale m'chikwama chake, kapena pa khadi yake ngati muli ndi Mukuru kapena akaunti ya kubanki, ndipo Lamlungu lililonse muzidzilipira kandalama kodziwika, kotsalako n'kubwerera ku mpamba. Khalaninso pansi ndi bambo a ana musanayambe. Mugwirizane kuti miyezi itatu yoyamba ndalama imeneyi si ya ndiwo kapena ya magetsi, kuti akumudzi asauzidwe msanga kuti mwayamba bizinesi, ndiponso kuti Loweruka m'mawa mukamakapereka maoda ana atsala ndi ndani. Wamng'onoyo akadzalowa Grade R m'pamene mungawonjezere masiku awiri kapena atatu a ntchito yakunja, kalata ya Disembala ija ili kale m'manja.