Achemwali a ku Leeds, makutu anu alibe vuto

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achemwali ena omwe akugwira ntchito yosamalira okalamba ku Leeds, ku England. Akuti mayeso a Chingerezi a IELTS anakhoza bwinobwino, koma anzawo a pantchito akayamba zija za "pop in", "sort out", "put up with", iwo amangogwedeza mutu ngati amva pomwe sanatolepo kanthu. Funso lawo ndi loti timawu timeneti, tomwe m'kalasi amati ma phrasal verb (mneni womatidwa kamawu ngati in, out kapena up), munthu angatidziwe bwanji.

Achemwali, mwandikumbutsa za Dedza, nkhani yomwe ndinalumbira kuti sindidzailemba pano.

Nditangoyamba ntchito ya ukalaliki pa kabungwe kena ku Lilongwe, abwana anga anali mayi wa ku Britain, munthu wabwino ndithu koma wolankhula mothamanga ngati mawu amuthawa. Ine nthawi imeneyo pa Chingerezi ndinkadzimva heavy, MSCE ndinali ndi credit, ndipo "consequently" ndi "nevertheless" ndinkawathira mu kalata iliyonse ngati mchere. Lachitatu lina abwana akutuluka, makiyi a galimoto ali m'manja, anangotembenuka pakhomo nkuti, "We've called off Friday's trip to Dedza, can you let everyone know?" Ine ndinamva called, ndinamva Friday, ndinamva Dedza. Ka off kaja kanangodutsa pakhutu ngati ntchentche. Ndiye ndinakhala pa foni masana onse kuimbira anthu 15 kuwatsimikizira kuti Lachisanu tilipo, ndinapangana ndi dalaivala wa minibasi mpaka kumupatsiratu ya mafuta, ndinaitanitsa makireti awiri a Fanta ndi mabanzi, ndipo ndinaweruka ndikudziyamikira kuti koma ntchito ndimaitha.

Lachisanu abwana akufika anapeza minibasi pageti injini ikulira, ine ndili mpando wakutsogolo faelo pamiyendo. Ku Dedza mafumu awiri anali atakhala kale pansi pa mtengo ndi majekete awo kuyambira 8 koloko. Abwana sanakalipe, anangondiyang'ana nkunena pang'onopang'ono, "I said it was cancelled." Mumtima ndinati ayi mayi, mukananena cancelled ndikanamva, liwu limenelo ndinaliloweza ndili Fomu 1. Fanta uja tinamwa mu ofesi sabata yathunthu ndipo aliyense akamatsegula botolo ankati "za ku Dedza".

Call ndi kuitana kapena kuimba foni, koma call off ndi kulepheretsa chinthu chomwe chinakonzedwa. Kamawu ka zilembo zitatu kanatembenuza zonse.

Aphunzitsi athu sindikuwada, nawonso anaphunzitsidwa choncho, koma ndinene mosabisa, kusukulu tinaphunzira Chingerezi cholembera mayeso ndi makalata ofunsira ntchito, osati chocheza nacho. Kwathu kuno munthu akati "I will investigate the matter" timamuombera m'manja, akati "I'll look into it" timaona ngati sanapite patali ndi sukulu, chonsecho eni chilankhulo tsiku lonse amakhalira chachiwiricho. Postpone iwo amati put off, tolerate amati put up with, extinguish amati put out, ndipo wina akakana ntchito sanena kuti I declined, amangoti I turned it down. Ife tinathamangira mawu onenepa nkusiya timawu towonda tomwe timasenza katundu yense, ndipo matenda amenewa tikadali nawo, mverani ma speech a pa ukwati kapena pa maliro, munthu akufuna anthu adziwe kuti anafika ku koleji.

Zili ndi mbiri yake. Mu 1066 a Norman ochokera ku France atalanda England, Chifalansa chinakhala chilankhulo cha kunyumba ya mfumu ndi m'makhoti kwa zaka zambiri, Chilatini chinali kale cha kutchalitchi ndi cha ophunzira, ndiye mawu aatali ambiri analowera khomo limenelo. Koma get, put, come, go ndi anzawo sanachoke pakamwa pa anthu wamba, anangopitiriza kumatidwa up, off, out, in. Ndipo musaganize kuti ndinu oyamba kuvutika. Samuel Johnson, m'mawu oyamba a dikishonale yake ya 1755, analemba kale kuti kusintha tanthauzo la mneni ndi kamawu kotsatira ndi chinthu chomwe chimazunguza alendo kwambiri, nkupereka zitsanzo ngati come off ndi fall on. Zaka zoposa 250 zapita, ife tikadali pomwepo.

Chomwe chimandiseketsa ndi choti ifenso tili nazo zathu ndipo sitiziona. Abwana omwe aja atayamba kuphunzira Chichewa, tsiku lina alonda anawauza kuti "ndikukataya madzi kaye", iwo anafunsa ndi nkhope ya chifundo kuti madzi ake ati, bwanji osathirira maluwa. Ndinaseka mpaka misozi, ngongole ya ku Dedza inabwezedwa tsiku limenelo. Kutaya madzi, kutaya mtima, kutaya nthawi, mneni ndi mmodzi koma nkhani zitatu zosiyana. Kugwira ntchito ndi kugwira mwendo nkosiyana. Ndani anakupatsani mndandanda woti muloweze zimenezi? Munangozimva kwa amayi anu pa nthawi yake, zinthu zikuchitika. Nchifukwa chake ndimadana ndi timapepala tija timayenda pa WhatsApp ta "200 phrasal verbs", munthu umaloweza Lolemba pofika Lachitatu give in, give up ndi give away zasakanikirana ngati nyemba ndi miyala. Ndinayesapo, ndinataya nthawi yanga.

China choti musamale nacho ndi Chingerezi chathu chakumudzi. Ife timati "put off the lights", kumeneko amati turn off kapena switch off, chifukwa put off ndi kukankhira chinthu tsiku lina, komanso wina akati "the smell put me off my dinner" ndiye kuti fungo lamuchotsa chilakolako cha chakudya. Kulemba fomu ku Britain nthawi zambiri amati fill in, aku America amakonda fill out, zonse nzolondola musamakangane nazo.

Ndiye mupange bwanji

Yambani ndi omwe mumawamva pa shifiti yanu, ena onse asiyeni kaye. "Pop in and check on her" ndi kungosuzumira mwachangu kuona ngati agogo ali bwino. "We've run out of gloves", magolovesi atha. "He threw up", asanza. "She's come down with a cold", chimfine chawagwira. Ndipo awa awiri chonde asiyanitseni lero lomwe, "she passed out" ndi kukomoka, "she passed away" ndi kumwalira, tangoganizani mukuimbira achibale foni mutasinthanitsa.

Ka up kawirikawiri kamatanthauza kutsiriza, drink up ndi imwani mumalize, tidy up, use up, chimodzimodzi. Si nthawi zonse, koma kamathandiza kulota tanthauzo.

Lamulo lomwe ndingati muligwire ndi limodzi. Ena mwa aneni amenewa amalola kugawidwa pakati, mutha kunena turn off the TV kapena turn the TV off, koma mukagwiritsa it, him, her, them, kamawuko kamalowa pakati basi, turn it off, wake her up, pick me up, osati pick up me. Ena sagawika, look after her amakhala choncho, put up with him chimodzimodzi. Dikishonale yabwino ya ophunzira imaonetsa kuti uyu ndi wa mtundu uti.

Khalani ndi kabuku m'thumba la yunifolomu, pa shifiti lembani atatu okha, koma lembani chiganizo chonse monga anachinenera munthuyo, ndani ananena, zikuchitika zotani, kenako mawa lake muchigwiritse ntchito inuyo ngakhale lilime likulemera. Ndipo mukakayika bwezani funso ndi liwu lanu la kusukulu lija, "Sorry, do you mean it's cancelled?" Ine Lachitatu lija ndinaona ngati kufunsa nkudzitsitsa pamaso pa mzungu, ndi credit yanga yonse, ndiye ya mafuta a minibasi ija anandidula pa malipiro a mwezi umenewo.