Shaki ya mu Jaws inkangofa, nanga mantha ake akuchokera kuti?

Wowerenga wina, amene akuti amajambula timafilimu tatifupi pa foni ndi anzake, wanditumizira imelo. Akuti: "Ndaonera Jaws koyamba. Shaki yake ikuchita kuonekeratu kuti ndi chidole, koma ndinachita mantha kuposa mafilimu a makono opangidwa pa kompyuta. Anzanga akuti unali mwayi chabe, poti makina a shakiyo ankangofa ndiye analephera kuionetsa. Ndi zoona?"

Achimwene, anzanuwo sakunama, koma nkhaniyo aisiyira panjira.

Makina ankafadi. Steven Spielberg anali ndi zaka 27 pojambula filimuyi mu 1974, ndipo anachita khama kuti ajambulire panyanja yeniyeni, pachilumba cha Martha's Vineyard ku Massachusetts. Anapanga shaki zitatu za makina n'kuzitcha Bruce, dzina la loya wake. Madzi amchere anazizunza kwambiri, moti ntchito imene anaiyika pa masiku 55 inatenga masiku 159. Koma kufa kwa makina kunangobweretsa vuto. Luso lili pa zimene anaika pamalo pamene shaki inayenera kuonekera.

Taonaninso poyambirira penipeni. Mtsikana akusambira usiku, kamera ili pansi pa madzi, ikuyang'ana miyendo yake. Ifeyo tasanduka maso a chilombo. Kenako akukokedwa uku ndi uku, akukuwa, basi zii. Anthu ankamukoka ndi zingwe, shaki palibe. Amene anakulira m'mbali mwa Shire akudziwa kuti ng'ona yowothera dzuwa pamchenga siopsa ngati imene sukuiona. Bill Butler, amene ankayang'anira kamera, nthawi zambiri ankaiyika polekezera madzi, kuti woonera amve ngati nayenso ali m'madzimo mpaka m'khosi.

Pamene ndikufuna muchedwepo ndi pa nyimbo ya John Williams. Ndi manotsi awiri okha obwerezabwereza, oyamba pang'onopang'ono n'kumafulumira. Filimu imatiphunzitsa lamulo mosatiuza: ukamva nyimboyi, shaki ilipodi. Ndipo lamulolo amalisunga. Paja pali pamene ana awiri akuopseza anthu ndi chipsepse chabodza, gombe lonse n'kuthawa mopondana. Mvetserani bwino, nyimbo ija palibe. Ndiye mutazolowera kuti pakakhala chete muli pamtendere, Brody, mkulu wa apolisi wa mu filimuyi, akutaya nyambo kumbuyo kwa boti, akung'ung'udza, mwadzidzidzi mutu wa shaki vuu, popanda chenjezo lililonse. Apa n'kuti filimu itapitirira theka. Anakusungirani lamulo kwa ola lathunthu ndi cholinga choti adzaliphwanye kamodzi. Zoterezi munthu sazitola mwamwayi.

Palinso zinthu zoyandama. Amuna awiri amangirira nyama ku kamlatho ka matabwa, shaki ikukoka mpaka kamlathoko kuthyoka. Chidutswa chake chikupita kunyanja, kenako chikutembenuka n'kumalondola munthu amene wagwera m'madzi. Thabwa wamba, koma mtima uli phaphapha. Migolo yachikasu imene Quint, msodzi wosaka shaki, amalasira pa shakiyo imagwira ntchito yomweyo: ikamira mwadziwa mphamvu yake, ikatumphuka mwadziwa kuti yafika.

Inu ojambula pa foni, mbali yoti muionere kangapo ndi ya Brody atakhala pagombe. Verna Fields, mayi amene analumikiza zithunzi za filimuyi, ankadula chithunzi pamene munthu wadutsa kutsogolo kwa kamera, ndipo akadula timapezeka tayandikira nkhope ya Brody. Mayi wina akukuwa, koma ndi masewera. Mutu wakuda ukutumphuka, koma ndi mkulu wovala chipewa chosambirira. Galu wasowa, kamtengo kake kakungoyandama, palibe akulabadira kupatula mwini wake. Mwana wina wosambira atagwidwa ndi shaki, kamera ikuthamangira kwa Brody uku lenzi ikubwerera m'mbuyo, moti nkhope ikubwera pafupi koma zakumbuyo zikuthawa. Njirayi inatchuka ndi Alfred Hitchcock mu filimu yake ya Vertigo mu 1958. Ambiri amangotama kachidutswa kameneka, koma kwa ine kakanakhala kopanda mchere pakanapanda zotinamiza zija zimene zinatsogola. Fields ndi Williams onse analandira mphoto ya Oscar, ndipo yachitatu inapita kwa okonza mawu.

Mwina mungadabwe kuti pamene anthu ambiri amadzidzimuka, mutu wa msodzi wakufa ukutulukira pabowo la boti, anajambulira m'dziwe losambiriramo la kunyumba kwa Fields, atathiramo mkaka kuti madzi aoneke ngati a m'nyanja. Shaki zenizeni zilimonso pang'ono. Ron ndi Valerie Taylor anazijambula ku Australia, ndipo m'khola lachitsulo laling'ono anaikamo munthu wamfupi kuti shaki ioneke yaikulu.

Pa zoti shaki ikuoneka ngati chidole, ndikugwirizana nanu. Kumapeto, ikadumphira m'boti n'kumatafuna Quint, nsagwada zake zikuyenda ngati chitseko, ndipo ndi pamene filimuyi yakalamba kwambiri. Ine chimene chimandiumitsa thupi ndi usiku uja m'boti, Robert Shaw, amene anasewera ngati Quint, akusimba za sitima ya USS Indianapolis imene inamira mu 1945, amalinyero ambiri n'kudyedwa ndi shaki akudikira chithandizo. Munthu wakhala pansi, kamera siikuyendayenda, anzake awiri asiya kuseka. Yambani ndi mbali imeneyo musanagule chida chilichonse, poti foni muli nayo kale.