Manja Akatha Mphamvu Msanga pa Thanthwe, Yang'anani Kumapazi

Mchemwali wina wa ku Lilongwe watilembera kalata pa imelo. Akuti wakwerapo thanthwe kawiri ndi anzake, ndipo maulendo onse awiri mikono inauma gwa pasanathe mphindi 10, zala n'kukana kugwira. Akufunsa ngati ayambe masewero olimbitsa manja, komanso ngati agule chingwe chakechake.

Achemwali, chingwecho chiyambe chadikira. Tiyambe ndi mikonoyo.

Kuuma mukunenako kumachitika pakati pa chigongono ndi dzanja. Mukafinya mwala mwamphamvu kwa nthawi yaitali, minofu ya pamenepo imapanikiza mitsempha, magazi sayenda bwino, ndiye zala zimangomasuka zokha. Woyamba kumene amafinya mopyola muyeso chifukwa cha mantha, amapinda zigongono, n'kumadzikoka ndi manja. Chonsecho miyendo, imene yakhala ikukunyamulani chibadwire, ili chilili.

Ulendo wotsatira yesani izi pa thanthwe losavuta, lopendekeka pang'ono. Mikono ikhale yowongoka, mawondo ndiwo apinde. Pondani ndi nsonga ya nsapato, pa chala chachikulu, osati pakati pa phazi. Musanasunthe phazi, yang'anani pamene mukufuna kuponda, ndipo maso asachokepo mpaka phazi litakhazikika. Likamveka kuti phwa pa mwala ndiye kuti mwaliponya, simunaliike. Sunthani mapazi kawiri kapena katatu pang'onopang'ono, kenako imirirani, dzanja lifike lokha pogwira. Pa thanthwe loima chilili chiuno chikhale pafupi ndi mwala. Koma pa matanthwe osalala opendekeka, monga ambiri a ku Mulanje, ndi zosiyana: mukadziphatika ku mwala mapazi amaterereka. Pamenepo tsitsani zidendene, matako atuluke pang'ono, kuti raba yambiri ya nsapato ikhudze mwala.

Mukafika poponda pabwino, gwetsani dzanja limodzi pansi, ligwedezeni masekondi 10 kapena 15, musinthe linalo. Ndipo pumani mpweya. Ambiri amaumira mpweya osadziwa.

Za masewero a zala, ayi, musafulumire. Minofu imalimba m'masabata ochepa, koma timinyewa ta m'zala timatenga miyezi yambiri, ndipo tikavulala timachedwa kupola. Kukwera kawiri kapena katatu pa sabata, n'kumapuma tsiku limodzi pakati, n'kokwanira. Mphindi 10 mpaka 15 zoyamba zikhale zotenthetsa thupi pa njira zophweka.

Tsopano zida. Choyamba kugula ndi nsapato zokwerera, zothina koma zosapweteka. Kenako harness, lamba uja wa m'chiuno ndi m'ntchafu, chisoti, ndi kathumba ka choko choumitsa thukuta. Chingwe mugwiritse cha amene akukuphunzitsani. Ku Lilongwe kuli a Climb Malawi, amene ali ndi khoma lophunzirira; yambirani kumeneko.

Tikukuchondererani chinthu chimodzi: chingwe cha pamsika chomangira katundu chisayandikire thanthwe. Chingwe chokwerera chimatamuka munthu akagwa, n'kuchepetsa kugwedezeka kwa msana. Nthawi zambiri chimakhala cha mamilimita 9.5 mpaka 10 kunenepa, mamita 60 kutalika, ndipo chimakhala ndi chizindikiro cha UIAA kapena CE, chosonyeza kuti chinayesedwa n'kuvomerezedwa. Carabiner, kachitsulo kotseguka ndi kutsekeka kokolowekerapo chingwe, ikakhala yeniyeni imalembedwa mphamvu yake pamsana, 20 kN (muyeso wa mphamvu) kapena kuposa. Tija tokolowekera makiyi si ta ntchitoyi. Zida za kaunjika zimene simukudziwa mbiri yake zisiyeninso, poti nayiloni ikakhudzidwa ndi asidi wa batire imafooka osaonetsa.

Woyamba amakwera pa top rope: chingwe chimadutsa pamwamba, mbali imodzi kwa inu, inayo kwa mnzanu wogwira pansi. Choncho chingwe cha mamita 60 chimangokwana thanthwe losafika mamita 30, ndipo kumapeto kwa mbali ya wogwirayo kumangidwe mfundo kuti chisapulumuke pokutsitsani. Inu mumange mfundo yooneka ngati nambala 8, chingwe chidutse m'malo onse awiri omangira pa harness, mchira utsale masentimita osachepera 10. Musanachoke pansi muonane awirinu: malamba amangika? mfundo yatha? chingwe chalowa bwino m'kachipangizo ka belay, kamene wogwira pansi amaimitsira chingwe? carabiner yatsekedwa? Ngozi zina zimachokera pa munthu amene wina anamuyankhulitsa akumanga mfundo, iye n'kuisiya theka. Wogwira chingwe asachotse dzanja lake la buleki, lija loimitsira chingwe, ngakhale kamphindi, kaya foni ikulira.

Potsika, siyani mwala ndi chingwe chomwe, khalani mu harness ngati pa mpando, miyendo yotambasula, mapazi atasiyana ngati kukula kwa mapewa. Yeserani zimenezi muli pa mamita 2 okha, musanapite pamwamba.

Nyengo yabwino ndi kuyambira Meyi, mvula itatha. Pofika Okutobala mwala umatentha, raba n'kumaterera, ndiye lawirirani m'mamawa. Mukafika pansi pa thanthwe khalani chete pang'ono mumvetsere njuchi, chifukwa zimakonda m'ming'alu, ndipo zikakupezani muli pa chingwe mulibe kothawira.